Popanda Nthabwala, Palibe Switi

A Norbert Kuhl anali ndi dazi, komabe anameta mitu ya anthu kumwera kwa mzinda wa St. Louis moyo wawo wonse, ndipo palibe amene anawafunsapo kuti munthu wopanda tsitsi angadziwe bwanji za tsitsi. Akanawafunsa nthawi yanji? Ukangokhala pampando wawo uja n'kukukulunga nsalu m'khosi, basi pakamwa pako patsekedwa. Ankakufunsa za akazi ako n'kudziyankha okha, kukufunsa za mpira n'kudziyankha okha, mpaka umatuluka mutu uli bwinobwino koma makutu atatopa. Bambo awo, amene anawasiyira sizasi ndi kanyumba kometerako, ankati mwanayu anabadwa akumalizitsa nkhani imene anaiyamba ali m'mimba. Pachibwano anali ndi ndevu zotuwa, zazitali, zosongoka kumapeto, ndipo ankazipesa m'mawa uliwonse asanatsegule shopu.

Koma chimene chinawatchukitsa mumsewu mwathu si lumo ayi. Ndi Halowini, usiku wa kumapeto kwa Okutobala umene ana amavala zachilendo n'kuyenda m'makomo kupempha maswiti.

Kuno mwana salandira switi chifukwa chongovala ngati mzukwa n'kugogoda pakhomo. Amayamba wanena nthabwala, kenako ndiye dzanja limalowa m'mbale. Anthu ambiri amangoseka kuti mwana apite, ngakhale nthabwalayo ikhale yozizira ngati phala ladzulo. A Norbert sankatero. Ankakhala pakhonde mbale ili pamiyendo, nkhope ili ngati ya woweruza milandu, ndipo mawu awo anali amodzimodzi chaka ndi chaka: "Popanda nthabwala, palibe switi." Mwana akaiwala mathero ankamubweza kuti akaganize bwino. Akanena imene iwo anaimva kale kwa mnzake, ankamupatsa kaswiti kamodzi komvetsa manyazi. Ndipo pansi pa mpando ankabisa chokoleti chimodzi chachikulu, cha mwana amene wawasekesa zenizeni. Zaka zina chokoleticho ankadya okha m'mawa mwake, ati panalibe woyenera.

Ana ankawaopa, koma usaone, khomo limene ankalikonzekera mwezi wathunthu linali lomwelo. Roxanne Pirrone, wa nyumba ya pakona, anabwezedwapo ali wamng'ono, n'kubwerera kwawo misozi ili chuchuchu, chipewa cha ufiti chili m'manja. Chaka chotsatira anabweranso, n'kuima nji pamaso pawo.

"A Kuhl, chifukwa chiyani muli ndi dazi?"

"Sindikudziwa, tandiuza."

"Tsitsi lanu linaona mmene mumametera anthu, ndiye linathawira kuchibwano."

A Norbert anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chokoleti chinapita ndi Roxanne. Lero ndi mayi wa ana ake, amagwira ntchito yokonza magetsi, amakhalabe m'nyumba ya makolo ake ija, ndipo pakamwa pake sipanasinthe.

Zaka zinapita. Akazi awo a Norbert, a Jeanette, anamwalira, ndipo kwa nthawi yoyamba bamboyo anasowa womuyankhulira madzulo. Ankayankhula ndi wailesi, wailesinso ikuyankhula zake. Kenako mwana wawo Gretchen, namwino, banja lake litatha anabwerera kunyumba ndi kamwana kakakazi m'manja, dzina lake Tilly. Nyumba inadzukanso. Gretchen akapita kuntchito, Tilly ankatandala kushopu, atakhala pampando wometera wachiwiri, akusewera ndi chipeso. A Norbert anamukonda mwanayo mopitirira muyeso, ndipo sankabisa.

Vuto linali limodzi. Tilly anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu, koma anali asananenepo liwu ngakhale limodzi. Ankaseka, ankalira, ankaloza chimene akufuna, ukamutuma nsapato ankabweretsa nsapato, koma "amayi" kapena "madzi" ayi. Kuchipatala anamuyeza makutu n'kupeza kuti amamva bwinobwino. Anawapatsa tsiku lokaonana ndi mayi wophunzitsa ana kuyankhula, koma linali la pambuyo pa Khirisimasi. Gretchen ankachita kuonda nayo nkhawa. A Norbert ankauza aliyense kuti palibe vuto, mwanayu akungosunga mawu, koma akatembenuka kukatsuka lumo nkhope yawo inkagwa. Tangoganizani, mdzukulu wa munthu wolongolola kuposa onse m'tauni!

Okutobala atalowa, masamba a mitengo ya mumsewu atayamba kufiira n'kumayoyoka, Gretchen anapeza m'bokosi chovala cha tambala chimene malemu mayi ake anamusokera iye ali mwana: thupi lachikasu, mapiko a nsalu, ndi tsumba lofiira pamutu. Chinamukwana Tilly ngati anachita kumuyeza.

"Avale, timujambule, akhale nane pakhonde," anatero Gretchen. "Chaka chino asayende m'makomo."

"Asayende? Mdzukulu wa Norbert Kuhl asayende pa Halowini? Wadwala kodi iwe?"

"Adadi, akanena chiyani pakhomo pa anthu? Lamulo lija munaliumitsa ndinu. Kapena muzikauza khomo lililonse kuti pepani, uyu sayankhula?"

"Palibe amene ati apepese. Mwanayu akhala ndi nthabwala yake, uona."

"Sindifuna anthu azimuyang'ana ndi maso achisoni."

"Nanenso sindifuna. N'chifukwa chake ayenda."

Nzeru yawo inali yapafupi. Iwo adzafunsa kuti, "Tambala amalira bwanji?" ndipo Tilly adzayankha kuti, "Kokoliriko!" Kwa kamwana kovala mapiko, imeneyo ndi nthabwala yokwanira, ngakhale woweruza wouma mtima ngati iwo akanailola. Ndiye anayamba sukulu. M'mawa pa tiyi, masana kushopu, madzulo posamba. "Tilly, tambala amalira bwanji? Kokoliriko! Eya, kokoliriko! Tanena, ko-ko-li-ri-ko! Waona, n'zosavuta. Tambala amati chiyani? Amati kokoliriko!" Makasitomala ena anayamba kukameta kwina. Tilly ankangowayang'ana ndi maso ake akuluakulu, chipeso chili kukamwa.

Lamlungu lina a Norbert anaganiza kuti vuto n'loti mwanayo sanamvepo tambala weniweni. Anamukweza m'galimoto, kuwoloka mtsinje wa Mississippi, mpaka kufamu ina ya maungu kumene mabanja amapita nyengo imeneyi. Kunali kozizira koma dzuwa lili phwee. Anakwera ngolo ya udzu wouma yokokedwa ndi thirakitala, Tilly atagwira chala cha agogo ake zolimba. M'munda anakana maungu onse ooneka bwino n'kusankha lina lopindika, la zotupatupa, n'kulikhalira kuti wina asatenge. Anadya madonasi, shuga mpaka m'makutu, agogo akumwa madzi a maapozi otentha. Kenako anapita kukhola kumene ana amadyetsa ziweto.

Tambala analipo, wamkulu, wonyada. A Norbert anagwada pa waya n'kumulirira kokoliriko kangapo konse kuti ayankhe. Tambala anawayang'ana ndi diso limodzi, n'kutembenuka kukapalasa pansi.

"Waona mwano wakewo? Kwathu akanakhala ndiwo ameneyu," anatero a Norbert.

Ali chiweramire choncho, tonde wina wokalamba anatulutsa mutu pa mpanda n'kuluma ndevu zawo, poyesa udzu. Anakoka, iwonso anakoka.

"Siya! Chitonde iwe, siya! Anthuni, mbuzi yanuyi!"

Mwini famu anathamanga n'kuwalanditsa. Tondeyo anabwerera m'mbuyo akutafuna tindevu tingapo, n'kukweza chibwano chake, chimene chinalinso ndi ndevu zotuwa zosongoka, n'kulira mokweza: "Meee!" Anthu anafa nalo phwete. Tilly sanaseke msanga. Anayang'ana mbuzi, anayang'ana agogo ake, anayang'ananso mbuzi. A Norbert sanaone zimenezo, anali kalikiliki kufotokozera mwini famu za chilango choyenera mbuzi yopanda ulemu, ndipo nkhaniyo anaipitiriza m'galimoto mpaka kufika kunyumba.

Tsiku linafika. Dzungu lopindika lija analiboola maso ndi mano, n'kuikamo kandulo. Dzuwa litangolowa, magetsi a pakhonde anayaka msewu wonse, ndipo timizukwa, timafumu ndi tiapolisi tinayamba kutuluka m'nyumba ndi zidebe zawo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, a Norbert anasiya mpando wawo. Anapereka mbale kwa Gretchen ndi malangizo ambirimbiri, n'kumuonetsa pamene pali chokoleti chachikulu.

"Usachipereke kwa aliyense ndisanabwere."

"Pitani, Adadi. Koma akatopa mubwere naye, musamukakamize."

Anatsika masitepe, nkhalamba ya dazi ndi katambala kogwira chidebe.

Pakhomo loyamba anapeza kamnyamata kovala ngati chigoba cha mafupa kakumaliza nthabwala yake: "Dzungu linati chiyani kwa mwini wake? Linati, mwandichotsa zam'mimba zonse, ndiye mukufunanso ndiziseka?" Kanalandira zake n'kuthamanga. A Norbert anakankhira Tilly kutsogolo.

"Tilly, tambala amalira bwanji? Amati kokoliriko! Eti? Kokoliriko!"

Tilly anali duu. Mayi wa pakhomopo anapendeketsa mutu, n'kutsitsa mawu monga amachitira anthu pamaliro. "Aaa, musamuvutitse, a Kuhl, tikudziwa. Tenga, mwana wanga, tenga ziwiri."

Mawu oti "tikudziwa" aja anawalasa mumtima. Khomo lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, bambo wina amene a Norbert anamubwezapo ali mwana anatsegula pakamwa kuti awaseke, koma ataona kamwanako anangomeza mawu n'kuthira maswiti m'chidebe mwakachetechete. Bola akanawaseka! A Norbert anayamba kunena nthabwala zawo m'malo mwa mwana, mokweza, ziwiriziwiri, anthu n'kumaseka mwaulemu. Chidebe chinkalemera, ndipo mtima wawo unkalemera nacho. Gretchen ananena zoona: msewu wonse unali utagamula kale kuti mdzukulu wawo ndi wongomumvera chisoni. Anaganiza zobwerera, koma anali atafika kale pakona, ndipo Tilly anali akukwera yekha masitepe a kwa Roxanne, mapiko akugwedera.

Roxanne anali pakhonde, atavala chipewa cha ufiti, mbale ili m'manja.

"Eee, taonani amene wabwera! Woweruza wamkulu watsika pampando. Mwaswera bwanji, achikulire?"

"Ndaswera, Roxanne. Uyu ndi Tilly, ndi tambala, ukuona, ali ndi nthabwala yake koma lero watopa, ndiye ndingokuuza ine ina. Munthu wina analowa mushopu mwanga..."

"Inu muli ndi chidebe?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye nthabwala yanu ndiitani? Pakhomo pano popanda nthabwala palibe switi. Ndinaphunzira kwa mkulu wina wa dazi."

A Norbert anamva kutentha kumaso. Anayang'ana m'mbuyo: ana ndi makolo awo anali ataunjikana pamasitepe kudikira. Chaona mnzako chapita, lero chinali pa iwo. Anatsitsa mawu.

"Roxanne, chonde. Ukudziwa mmene alili mwanayu. Ngati uli nane chifukwa cha kale lija, thana ndi ine."

"Ndilibe nanu chifukwa. Munandibweza chifukwa munkadziwa kuti ndingathe. Ndiye mukufuna ine ndimuone mwanayu ngati sangathe?" Anaika mbale pansi n'kugwada mpaka maso ake analingana ndi a Tilly. "Tambala iwe, ndamva kuti uli ndi nthabwala. Ndikudikira."

"Tilly, tambala amalira bwanji? Amati koko..."

"A Kuhl!"

"Ndikungomukumbutsa."

"Tsekani pakamwa. Mwafunsa, ndiye dikirani yankho. Chibadwire munadikirapo yankho la munthu inu?"

Wina pamasitepe anati, "Ameni." A Norbert anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anagwira ndevu zawo ndi dzanja ngati akuzimanga kuti chibwano chisagwedere.

Panali zii. Ankangomva masamba ouma akukwekwereka mumsewu ndi ana akuseka kutali. Kwa munthu ngati iwo, chete ameneyo anali ululu weniweni. Mawu ankawayabwa pakhosi, kokoliriko anafika mpaka kumano, koma anamumeza. Kamtsikana kena kumbuyo kanayamba kudandaula kuti akuchedwa, mayi ake n'kukatsina. Roxanne sanasunthe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiyu, ngakhale ali wapakamwa, kudekha anali nako.

Tilly anayang'ana mbale ya maswiti. Anayang'ana Roxanne. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana m'mwamba, kwa agogo ake, amene anali chiimire atagwira ndevu. Timaso take tinawala mwa ukathyali. Anaika chidebe pansi, anakweza phiko limodzi, chala chili pa ndevu zija, n'kukweza kachibwano kake monga anachitira tonde.

"Meee!"

Liwu lake linali lalikulu, lokhakhala, losayenerana ndi kathupi kake. Roxanne anakhala pansi phwata, chipewa chinagwa, akuseka mogwira m'mimba. Pamasitepe panabuka chikhakhali. Bambo wina anatsamira chipilala akupukuta misozi. "Ndi tonde ndithu! Zaka zonsezi tinkaopa kunena!" Tilly, ataona kuti wagwetsa anthu akuluakulu ndi liwu limodzi, anadumphadumpha n'kubwereza, "Meee! Meee!" uku akufa nazo yekha.

A Norbert okha sanaseke. Anagwada, mawondo akulira, n'kumuyang'ana mwanayo ngati akumuona koyamba. Sikuti Tilly anangotulutsa mawu. Anaona mbuzi, anaona agogo ake, anazisunga masiku onsewa, n'kudikira pagulu pa anthu kuti awachititse manyazi bwinobwino. Imeneyo si ntchito ya mwana womvetsa chisoni. Ndi ntchito ya wa kwa Kuhl. Misozi inatsikira m'ndevu zomwezo, ndipo sanaibise.

"Mwaimva?" anatero potsiriza. "Yopeka yekha! Sindinamuphunzitse ine!"

"Tikudziwa kuti si inu," anatero Roxanne, akuthira maswiti odzaza manja awiri m'chidebe. "Zanu sizisekesa chonchi."

Kuchokera pamenepo sikunalinso kuyenda, kunali kuguba. A Norbert anaumirira kuti abwerere khomo lililonse limene anapatsidwa maswiti achisoni. "Tabwera kudzalipira nthabwala ija," ankatero, n'kuima pambali, kutseka pakamwa zolimba, n'kutukula ndevu kuti zioneke bwino. Tilly ankadikira kuti onse akhale chete, chifukwa anali atazindikira kale kuti nthabwala imakoma ukaichedwetsa, kenako n'kuloza. Mayi uja wa "tikudziwa" anaseka mpaka mbale inatayika. Ana ena anasiya njira zawo n'kumawatsatira, gulu lonse likulira ngati khola la mbuzi, nkhalamba ili patsogolo chifuwa chili patali, kunyadira kutchedwa tonde.

Gretchen anamva phokosolo asanawaone. Anaimirira pakhonde, mbale ili m'manja, nkhawa ili pankhope.

"Chachitika n'chiyani? Wagwa? Adadi, mwaliratu inu, chavuta n'chiyani?"

A Norbert anali ndi nkhani yonse pakamwa, yoyambira kufamu mpaka pakona, yokhala ndi mawu a aliyense, ndipo inkawawotcha. Sanayambe akhalapo ndi nkhani yokoma chonchi moyo wawo wonse. Anaimeza. Anangoloza mbale, n'kuloza mwana.

"Pakhomo pano pali lamulo," anatero. "Mufunse, ndiye udikire."

Gretchen anawayang'ana mokayika, kenako anagwada. "Tilly, mwana wanga, uli ndi nthabwala?"

Gulu lija linakhala chete. Kandulo inkaphethira m'dzungu lopindika. Tilly anakoka mpweya, anayang'ana mayi ake kuti atsimikize kuti akumvetsera, n'kutambasula phiko.

"Gogo," anatero momveka bwino. "Gogo, meee!"

Mbale inagwa, maswiti anamwazika masitepe onse, ndipo palibe mwana amene anatola. Gretchen anamunyamula Tilly n'kubisa nkhope yake m'mapiko amene mayi ake anasoka, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Atapeza mpweya anayang'ana bambo ake ndi maso ofiira.

"Ndamubereka ine, ndamulera ine, ndiye liwu loyamba likhale lanu?"

"Usadandaule, mwana wanga. Wanditchula kuti anditukwane."

Gretchen anapisa dzanja pansi pa mpando n'kutulutsa chokoleti chachikulu chija. A Norbert anayesa kuumitsa nkhope, ati pamafunika kuganizira bwino, anthu anganene kuti pali kukondera. Roxanne, amene anawatsatira chipewa chili m'manja, anafunsa gululo ngati pali wotsutsa. Msewu wonse unayankha ndi liwu limodzi la mbuzi, ndipo mlandu unathera pomwepo. Tilly anachikumbatira chokoleticho ndi mapiko onse awiri, osalola ngakhale agogo ake kuchigwira.

Kwa mayi wophunzitsa kuyankhula uja anapitabe Khirisimasi itadutsa, ndipo mawu ena anabwera pang'onopang'ono, ena movutikira. A Norbert sanasanduke munthu wofatsa ayi, tisanamizane. Akumetabe, akulongololabe. Kungoti masiku ano akakufunsa za akazi ako, sizasi imaima m'malere, iwo n'kuluma mlomo, ndipo umazindikira mochedwa kuti akudikira kuti uyankhe. Ena zimawadzidzimutsa mpaka kuiwala dzina la mkazi.

Ndevu zija zatalika kufika pachifuwa. Gretchen wawachonderera kuti azidule ngakhale pang'ono, makasitomala amawaseka kuti wometa wanji wolephera kudzimeta. Iwo amangozipesa modekha pagalasi, n'kuloza ndi chipeso kamtsikana kamene kakhala pampando wachiwiri.

"Sindingazikhudze," amatero. "Si zanganso izi. Ndi nthabwala ya eni ake."